Musanatseke botolo n'kuyatsa microwave ya mu labotale

Anzanga a mu labotale amene mwayamba kuphika makemikolo ndi microwave, choyamba n'chakuti ija yotenthetsera ndiwo isiyeni kukhitchini. N'zoona kuti mu 1986, pomwe gulu la Richard Gedye ku Canada ndi la Raymond Giguere ndi George Majetich ku America linkayamba njirayi, ankagwiritsa ntchito ma microwave a m'nyumba. Koma a Gedye botolo linawaphulikira. Makina opangira ntchitoyi, monga a CEM, Biotage ndi Anton Paar, amayeza kutentha ndi mphamvu ya nthunzi m'botolo, ndipo amadzizimitsa okha zikapyola muyezo.

Liwiro lake lisakudabwitseni. Ethanol amawira pa madigiri 78, ndipo mu fulasiki wamba sapitirira pamenepo. M'botolo lotseka ndithu amafika pa 150 osaphwa. Makemikolo ambiri, mukawonjezera madigiri 10, amagwirana mofulumira pafupifupi kawiri. Werengani nokha: ntchito ya maola 8 pa madigiri 80 ikhoza kutha m'mphindi pafupifupi 4 pa 150. Kale ena ankati mafunde a microwave ali ndi mphamvu ina yapadera kupatula kutenthetsa, koma a Oliver Kappe a ku Graz, ku Austria, atayesa ndi mabotolo a silicon carbide, omwe salola mafunde kufika mkati, anapeza zotsatira zofanana ndi za m'mabotolo a galasi. Chachikulu ndi kutentha basi.

Choncho samalani posankha madzi osungunulira. Mafunde a 2.45 GHz amatenthetsa msanga ethanol, DMSO ndi ethylene glycol, pomwe hexane ndi toluene amangokhala zii. Ngati simungachitire mwina, ponyanimo kachidutswa ka silicon carbide kuti katenthe m'malo mwawo.

Apa ndi pomwe ambiri amanamizika: kachipangizo ka infrared kamayeza kutentha kwa kunja kwa botolo, osati mkati. Zinthu zikakhala zaphalaphala ndipo kamaginito kotakasira sikakuzungulira bwino, pansi pamapsa uku sikirini ikuwonetsa nambala yabwinobwino. Yang'anani kuti kakuzunguliradi musanatseke chitseko, ndipo mu buku lanu lembani madigiri ndi mphindi, osati ma watt okha.

Botolo lisadzaze kupyola mzere womwe opanga anaika, chifukwa nthunzi imafuna malo. Ufa wachitsulo, ngakhale palladium wa pa makala, ukamatirira wouma m'mbali mwa galasi umatha kuthetheka n'kuling'alula. Nthawi ikakwana, dikirani makina aziziritse botolo mpaka madigiri 50 kapena kutsikirapo, kenako mukatsegulire mu fume hood, kabati yokoka mpweya woipa, mutavala magalasi oteteza maso.