Kaimidwe ka Oseŵela a Mkati mwa Bwalo: Malangizo a Maseŵela a Baseball a pa Kompyuta

Gawo lino likufotokoza mmene mungaimikile oseŵela anu anayi a mkati mwa bwalo pamene timu yanu ikuteteza. Ma base ndi malo amene womenya mpila amathamangilako motsatana asanabwelele ku home, kumene ndi pamalo pamene anamenyela mpila. Oseŵelawa ndi wa pa base yoyamba, wa pa base yaciŵili, wa pa base yacitatu, ndi shortstop, amene amaima pakati pa base yaciŵili ndi yacitatu. Pa sikilini amaoneka ndi manambala 3, 4, 5 ndi 6 motsatana conco. Maseŵelawa amatsatila miyezo ya Major League Baseball, ligi yaikulu ya baseball ku America: kucoka pa base imodzi kufika pa inzake pali mafiti 90, kapena kuti mamita 27 ndi pang'ono, ndipo womenya mpila amafika pa base yoyamba m'masekondi anayi ndi pang'ono. M'kanthawi kameneko woseŵela wanu ayenela kufika pa mpila, kuugwila ndi kuuponya. Ngati munamuimika pamalo olakwika, kudina mabatani mofulumila sikudzathandiza, conco sankhani kaimidwe woponya mpila wa timu yanu asanayambe kuponyela womenya.

Pamene pa ma base palibe munthu, siyani kaimidwe ka Normal. Oseŵela amaima capatali, kumene amaona mpila bwino ndi kutseka malo aakulu.

Pakakhala wothamanga pa base yoyamba, ndipo amene atulutsidwa sanakwane aŵili, sankhani Double Play Depth. Shortstop ndi wa pa base yaciŵili amasendela kutsogolo masitepi ocepa ndi kuyandikila base yaciŵili, kuti mpila umodzi wogubuduzika pansi utulutse anthu aŵili, kumene kumachedwa double play. Mukaona 6-4-3 pa sikilini, ndiye kuti shortstop anagwila mpila, anaponyela wa pa base yaciŵili, ndipo iye anaponyela wa pa base yoyamba. Dziŵani kuti panthawiyi wa pa base yoyamba amakhala ataima pa base penipeni kuti wothamangayo asatalikile, motelo mpata wa mbali imeneyo umakula.

Kaimidwe ka Infield In kafunika kusamala kwambili, cifukwa ndi kamene oyamba kumene amakonda kuseŵenzetsa mosayenela. Onse anayi amabwela kutsogolo mpaka m'mphepete mwa udzu, n'colinga cakuti akagwila mpila aponyele ku home ndi kuletsa wothamanga wa pa base yacitatu kuloŵetsa run, imene ndi cigoli ca mu baseball. Koma munthu akayandikila womenya, mpila umamupeza usanacepe liŵilo, ndipo mipila yambili imene akanaigwila ali kumbuyo imadutsa. Kaseŵenzetseni cakumapeto kwa maseŵela, pamene run imodziyo ingakugonjetseni kapena kufananitsa zigoli. M'ma inning (zigawo za maseŵela) oyambilila, makamaka ngati mukutsogola ndi ma run angapo, ndi bwino kulola run imodzi ndi kutulutsa womenyayo pa base yoyamba. Ngati aŵili atuluka kale, kaimidweka kalibe nchito, popeza kutulutsa womenya pa base yoyamba kumatsiliza inning ndipo run siŵelengedwa.

Guard the Lines imayandikitsa wa pa base yoyamba ndi wa pa base yacitatu ku mizele ya m'mbali, kuti mpila usadutse m'mphepete ndi kufikitsa womenya pa base yaciŵili. Mukaganizila kuti womenya adzangogunda mpila pang'ono, kumene kumachedwa bunt, aŵili omwewo athamangile kutsogolo, ndipo wa pa base yaciŵili apite kukalandila mpila pa base yoyamba.

Pa nkhani ya shift, kumene ndi kuunjika oseŵela mbali imene womenya amakonda kumenyela, yang'anani coyamba malamulo a caka cimene mwasankha. Mu 1946 Lou Boudreau, amene anali manijala komanso shortstop wa timu ya Cleveland, anaunjika oseŵela ake kumanja kuti atsekeleze Ted Williams wa Boston Red Sox, ndipo m'zaka za m'ma 2010 matimu ambili anali kucita zimenezi tsiku ndi tsiku. Kuyambila mu 2023 lamulo linasintha. Pamene mpila ukuponyedwa, mbali iliyonse ya base yaciŵili pafunika kukhala oseŵela aŵili, ndipo onse anayi mapazi awo asapyole malile a dothi la mkati mwa bwalo. Mu 2023, timu ikaphwanya lamuloli, omenya anali kusankha kulandila ball imodzi, kutanthauza kuponya kumene kumaŵelengedwa kuti sikunalunjike bwino, kapena kusunga zimene zacitika pa kumenyako. M'maseŵelawa, mukasankha nyengo ya 2023 kapena yapambuyo pake, mungasendeze shortstop kufika pafupi ndi base yaciŵili, koma sangaoloke. Nyengo zakale zimalola shift yonse.

Kaimidwe kalikonse kamadalila munthu amene mwaikapo. Pa khadi la woseŵela pali manambala oonetsa kukula kwa malo amene amakwanitsa kufikako, mphamvu ya dzanja lake, kulakwitsa kwake, ndi luso lake pa double play. Ambili amayang'ana cabe nambala ya kulakwitsa, koma imeneyi imanamiza, pakuti woseŵela wocedwa salembedwa kuti walakwitsa pa mpila umene sanaufike n'komwe, ngakhale kuti womenya wafika pa base. Pa shortstop ikani wofika patali amenenso ali ndi dzanja lamphamvu. Pa base yacitatu pafunika wa maso akuthwa, cifukwa mipila ya omenya a kudzanja lamanja imafika kumeneko mwamphamvu. Woponya ndi dzanja lamanzele muikeni pa base yoyamba cabe, popeza pamalo ena atatuwo amafunika kutembenuza thupi lonse asanaponye. Mukaika woseŵela pamalo amene sanazoloŵele, manambala ake amatsika, ndipo zimenezi mudzaziona pa khadi lake musanatsimikize mndandanda wa timu.