Momwe woima payekha amalembetsera dzina lake pa chisankho cha pulezidenti ku America

Amene akufuna kupikisana nawo pa mpando wa pulezidenti ku United States ayambe watsimikiza kuti ndi nzika mwa kubadwa, wakwanitsa zaka 35, ndipo wakhala m'dzikomo zaka 14. Akangosonkhanitsa kapena kugwiritsa ntchito ndalama zoposa madola 5,000, ayenera kulembetsa ku Federal Election Commission, bungwe loyang'anira ndalama za kampeni, pasanathe masiku 15, ndi kukhazikitsa komiti ya kampeni yokhala ndi msungichuma.

Ntchito yolemetsa imabwera pambuyo pake, chifukwa chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi malamulo akeake okhudza mayina a pa pepala lovotera. Kuti dzina la woima payekha lilembedwe pa pepalalo, ku Tennessee masiginecha 275 a ovota ndi okwanira, pamene ku New York amafuna 45,000, ndipo ku California mu 2024 ankafuna oposa 200,000. Ku Texas nthawi yopereka masiginecha imatha mwezi wa Meyi, komanso amene adavota pa chisankho cha chipulula cha pulezidenti saloledwa kusaina, lamulo limene ine ndimaliona lopanikiza kwambiri oima paokha. Ndi nzeru kuyamba ndi zigawo zovuta zotere, kulemba anthu oyenda khomo ndi khomo, ndi kusonkhanitsa masiginecha ochuluka kuposa ofunikawo, popeza ambiri amakanidwa powunika.

Komiti ikhalenso ndi loya wodziwa malamulo a zisankho, popeza malamulo ena angatsutsidwe kukhoti. Mu 1983, pa mlandu wa John Anderson, amene adaima payekha pa mpando wa pulezidenti, Khoti Lalikulu la dzikolo lidathetsa lamulo la ku Ohio lokakamiza oima paokha kulembetsa pofika mwezi wa Malichi. Mayina a oimira woimayo mu Electoral College, gulu la nthumwi za zigawo limene limasankha pulezidenti, aperekedwenso ku chigawo chilichonse nthawi isanathe.