Tiyi akutha, "ndizitumiza" wayambanso

Mvula yayamba kukata, masamba achepa m'minda ya tiyi, ndipo ambiri amene analembedwa ntchito m'dzinja amva kale za tsiku lawo lomaliza. Masabata ngati ano ndiwo amagwedeza mabanja kuno ku Mulanje. Bambo anabwera kudzathyola tiyi, anapeza mkazi pamudzi, analowa chikamwini, mwana wabadwa kapena ali m'njira. Ntchito ikatha, wina akuti akukaona kwawo, wina akukayesa mwayi ku Joni, wina angowolokera ku Milange. Zoti banja lithe kapena lisathe ndi zanu. Chimene chandiwawa chaka chino, kuyambira ku Chitakale mpaka ku Limbuli, n'choti amayi akulola bambo wa ana kunyamuka atangosiya liwu limodzi lokha: "ndizitumiza."

Liwu limeneli limanenedwa patsinde pa mango, ankhoswe a mbali zonse ali pompo, nthawi zina ndi anyakwawa omwe. Onse awomba m'manja, nkhani yatha mwaulemu. Palibe wafunsa kuti ndi ndalama zingati, tsiku liti, zidzadzera kwa yani. Pepala palibe. Mwezi woyamba zilowa pafoni, wachiwiri zilowa theka, wachitatu nambala ija sikupezeka.

Ankhoswe sindikuwanyoza ayi. Pomanga banja ndi poyanjanitsa anthu oyambana, palibe wowaposa. Koma nkhoswe sangakakamize munthu amene ali ku Johannesburg, ngakhale amene wangosamukira pa Luchenza pomwepa. Chokhala ndi mano ndi chigamulo cha khoti, ndipo nthawi yochitenga ndi ino, bamboyo akadali pantchito. Lero dzina lake lili m'buku la malipiro, kapitawo wake akudziwika, pogona pake pakudziwika, samani imupeza tsiku lomwelo. Khoti limaona zimene munthu amapeza ndi zimene mwana akusowa, n'kutchula ndalama yeniyeni, ndipo likhoza kulamula kuti izidulidwa kumalipiro. Inu amayi mukudikira kuti ayambe wachoka, alephere kutumiza miyezi inayi, ndiye muzibwera m'mwezi wa Ogasiti muli ndi mwana kumbuyo. Samaniyo tikaipereka kwa yani?

Wina andifunsa kuti nanga poti ntchito yakeyo ikutha, chigamulocho chithandiza chiyani. Chigamulo sichitha chifukwa ntchito yatha. Chimakhalapobe, zimene sanapereke zimawerengedwa, ndipo anthu amenewa timawadziwa: mvula ikagwa mu Disembala amabweranso ndi dengu kumsana, kawirikawiri pa esiteti yoyandikana nayo, atapeza kale khomo lina.

Chimene chimanditopetsa kwambiri ndi nyimbo yakale ija yoti ana ndi a kuchikazi, asamala ndi amalume awo. Abambo amaiimba pothawa, koma chodabwitsa n'choti akuchikazi nawonso amavomereza, ati mbumba ndi yathu. Inde mbumba ndi yanu, palibe akukulandani. Koma mwambo umenewu unkayenda pamene mwinimbumba anali ndi munda woti n'kugawira mwana aliyense wa mlongo wake. Lero ku Mulanje ndi ku Thyolo anthu tathithikana, malo abwino ambiri ali ndi tiyi, kamunda ka agogo kagawidwa kasanu. Amalume amenewo ali ndi ana awoawo ofuna makope. Ndipo mwambo womwewo umene abambo amabisalamo umanenanso kuti mkamwini amangire mkazi nyumba pamudzi. Mbali imeneyo saikumbukira.

Sabata yatha ndinali kwa bambo wina wolima nanazi m'munsi mwa phiri. Ndinapitira zina, koma atangonditsegulira mpando anayamba okha. "Alangizi, ana mukuwaonawa atatu si anga, ndi a mchemwali wanga. Tsiku limene alamu ankachoka nkhoswe ndinali ine. Anati azitumiza, ine n'kuwomba m'manja, mpaka ndinawaperekeza pa siteji nditawanyamulira chikwama." Anaseka, koma sikunali kuseka. Kale bamboyu ankadalira nthochi, matenda a chisaka atalowa anazula zonse, ndiye chatsala ndi nanazi amene ogula amadzatchula okha mtengo pamsewu. Mbuzi ziwiri anagulitsa mwana wamng'ono atagonekedwa kuchipatala. Nditafunsa chifukwa chimene mchemwali wawo sanapitire kukhoti, anati, "Amaopa kuti anthu azinena kuti wamangitsa bambo a ana ake." Alamuwo akuti anaonekera ku Bvumbwe, ali ndi njinga yamoto ya kabaza ndi mkazi wina.

Kupempha chithandizo cha mwana si kumangitsa munthu. Si mlandu wakuba. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti mwana aliyense ayenera kulandira chisamaliro kwa makolo ake, kaya makolowo ali pabanja, kaya sanakwatirane, kaya analekana. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 ndilo limapatsa makhoti njira yochitira zimenezi. Choncho zoti "sitinapange chinkhoswe" kapena "sitinadalitse kutchalitchi" musandiuze. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa kwa DC, wachikhalidwe, wachipembedzo, ngakhalenso wongolowana ngati khoti lapeza kuti anthuwo akhala limodzi zaka zosachepera 5. Koma pa nkhani ya mwana, ngakhale munangodziwana sabata imodzi kumalayini a pa esiteti, udindo ulipo.

Mtengo wa ulemu wa patsinde pa mango uja amalipira ndi mwana. Woyamba kusiya sukulu amakhala wamkazi wamkulu, ayambe kugulitsa zitumbuwa pa Limbuli tsiku la msika, kenako mumva kuti wapezeka ndi wochimwitsa, kapena achibale omwe amukankhira kubanja kuti pakhomo pachepe pakamwa. Ukwati wa mwana wosafika zaka 18 ndi woletsedwa, ndipo mu 2017 aphungu anasintha malamulo aakulu kutseka mpata umene makolo ankavomerezera ukwati wa ana a zaka zapakati pa 15 ndi 18. Ndiye taonani: munaopa kupita kukhoti kukapempha ndalama ya sopo ndi yunifolomu, mapeto ake apolisi akubwera pakhomo panu pa nkhani yokwatiwitsa mwana, bambo wake ali phee kwina. Mwana wamwamuna naye amathera m'maganyu onyamula katundu pachipata cha Muloza.

Abambo amene mumatumizadi, chigamulo chimakutetezani inunso. Ndalama ikatchulidwa ndi khoti palibe wokunamizirani kuti simuthandiza, bola musafufute mauthenga a pafoni osonyeza zimene mwatumiza.

Zochita n'zodziwika kale. Pitani kukhoti la majisitireti limene muli nalo pafupi, muuze kalaliki kuti mukufuna chithandizo cha mwana, loya safunika kuti muyambe. Ngati mukuchita mantha, dzerani ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu paboma, kapena ku Victim Support Unit kupolisi, akulozerani. Nkhani ikavuta, makamaka bambo akakana mwana, a Legal Aid Bureau alipo othandiza osowa ndalama. Tengani kabuku ka kusikelo, chiphaso cha kubadwa ngati munalembetsa ku NRB, dzina lonse la bamboyo monga lilili pa chitupa chake, osati la pamudzi lija, ndi dzina la kumene akugwira ntchito. Ankhoswe apite nanu ngati mboni. Ngati malipiro omaliza ndi a mwezi uno, pitani Lolemba likubwerali.