Mmene kopaletivi ingapezere ndalama za AGCOM ndi kuzigwiritsa ntchito bwino

Anthu ambiri akamva kuti boma latulutsa ndalama za ulimi, maganizo amathamangira ku fetereza wotsika mtengo. Ameneyo ndi wa nyengo imodzi: mukakolola yatha, chaka chamawa mukaimanso pamzere. Pali thumba lina limene cholinga chake n'kusiyira gulu la alimi chinthu chokhalitsa, monga nyumba yosungiramo mbewu, makina oswera mtedza kapena oyengera mafuta a mpendadzuwa, thanki yoziziritsira mkaka, ng'ombe zamkaka, mapampu a sola a mthirira ndi thirakitala. Ku Malawi kuno khomo lalikulu la ndalama zoterezi ndi AGCOM, pulojekiti ya Unduna wa Zamalimidwe imene World Bank inavomereza mu 2017 ndi madola 95 miliyoni. Gawo lachiwiri, limene anthu amangolitcha AGCOM 2, linavomerezedwa mu 2023.

Si ngongole, simubweza. Koma si zaulerenso. Pa mtengo wonse wa zimene gulu likufuna, pulojekiti imalipira 70 peresenti ndipo gulu limasonkha 30 peresenti. Fodya mulibemo, chifukwa World Bank sipereka ndalama zolimira fodya.

Yambani ndi wogula

Magulu ambiri amagwa pa sitepe yoyamba yomwe. Amakhala pansi pa mtengo n'kufunsana kuti, "Tipemphe chiyani?" Wina akuti thirakitala, wina chigayo, wina galimoto. Funso loyamba lisakhale limenelo. Dzifunseni kuti tigulitsa chiyani, kwa yani, matani angati, mwezi uti.

AGCOM imathandiza mgwirizano wa mbali ziwiri: gulu la alimi ndi wogula, amene m'mafomu amamutcha off-taker. Akhoza kukhala fakitale yoyenga mafuta kapena yopanga chakudya cha nkhuku imene imafuna soya, kampani yokonza mkaka, kapena wotumiza mtedza ndi nandolo kunja. Wogulayo akulembereni kalata yolonjeza kugula, koma isangonena kuti "tidzagula". Ilembe mbewu yake, kuchuluka kwake, ubwino umene akufuna, njira yopezera mtengo, amene adzalipire thiransipoti, ndi masiku amene adzatenge kuti alipire katundu akafika. Mfundo yomalizayi ndiyo imaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndi imene imayambitsa milandu.

Pa ubwino wa mbewu funsitsani manambala. Ogula soya ambiri safuna chinyontho choposa 13 peresenti, ndipo amadula mtengo akapeza miyala, zinyalala ndi njere zosweka. Pa mtedza, mdani ndi chuku. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usweke msanga chimabweretsa chuku chimene chimakanitsa katundu yense, osati thumba la wowazayo lokha. Mkaka umayenera kuzizira msanga mpaka madigiri 4, ndipo wothira madzi amaugwira pa geti pomwepo.

Wogula amene akufuna kuti mumulipire kuti akulembereni kalata si wogula. Owunika mapempho a magulu amaimba foni, nthawi zina amapita kukaona fakitale.

Mapepala a gulu

Gulu likhale lolembetsedwa. Makopaletivi amalembetsa kwa Registrar of Cooperatives ku unduna woona zamalonda, motsatira lamulo la makopaletivi la 1998, mamembala ataphunzira kaye za kayendetsedwe ka kopaletivi. Njira yachidule ndi kudzera kwa mlangizi wanu, iye akufikitseni kwa AEDC, mkulu wa alangizi ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu (EPA), kenako kwa ofesala wa zamalonda a ulimi ku khonsolo ya boma lanu. Zofunika kukhala nazo m'failo ndi satifiketi, malamulo a gulu, kaundula wa mamembala wokhala ndi manambala a ziphaso zaunzika, akaunti ya ku banki ya m'dzina la gulu, nambala ya msonkho (TPIN) ya ku MRA, ndi maminitsi a msonkhano waukulu umene mamembala anavomera kupempha ndalamazi. Chiwerengero cha mamembala chimene chikufunika, komanso malire a ndalama, zimalembedwa m'chilengezo chilichonse choitana magulu. Werengani chilengezo chatsopano, osadalira cha mnzanu cha zaka zapitazo.

Pepala lofunika kuposa onse ndi kope la malonda, ngakhale likhale lothimbirira. Tsiku, dzina la membala, makilogalamu amene anabweretsa, mtengo, siginecha. Gulu limene lagulitsapo limodzi kwa nyengo ziwiri, ngakhale matumba 200 okha, limaoneka losiyana kwambiri ndi gulu limene labadwa sabata yomwe chilengezo chatuluka. Ngati simunayambe, yambani chaka chino.

Amayi ndi achinyamata asakhale maina ongodzaza mndandanda. Owunika akabwera amafunsa membala wamba, osati wapampando yekha. Mayi akalephera kunena zimene gulu lake lapempha, zimadziwika kuti pempholo ndi la anthu atatu.

Za 30 peresenti ija

Tiyerekeze kuti zonse mukufunazo zikukwana K100 miliyoni. AGCOM ipereka K70 miliyoni. Pa K30 miliyoni yanu, K10 miliyoni iyenera kukhala ndalama yeniyeni ku banki, pomwe K20 miliyoni yotsalayo ikhoza kukhala zinthu ndi ntchito ya manja anu, monga mchenga, miyala ndi kukumba maziko, bola ziwerengedwe mtengo ndi kulembedwa. Ngati muli anthu 50, aliyense akuyenera kupeza K200,000 kuti K10 miliyoni ija ikwane.

Apa ndi pamene magulu ovomerezedwa kale amakakamira miyezi ndi miyezi, chifukwa ndalama za pulojekiti sizituluka zanu zisanaoneke. Malonjezo a pamsonkhano musawawerengere: fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Sonkhetsani nthawi yokolola, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, ndipo landirani mbewu m'malo mwa ndalama. Membala amene sangatulutse K200,000 m'thumba amatha kubweretsa matumba a soya. M'Januwale ndi m'Febuluwale, anthu ali pa ganyu ndi kusaka chimanga, simungapeze kanthu.

Chenjerani ndi munthu mmodzi wachuma amene akuti alipira gawo lonse yekha. Mawa makinawo adzakhala ake, gulu lidzangotsala ndi dzina. Aliyense amene wasonkha alembedwe masheya ake ndi kulandira lisiti. Katapila musamuyandikire n'komwe.

Concept note ndi pulani ya bizinesi

Pempho limayenda magawo awiri. Choyamba ndi concept note, pepala lalifupi lofotokoza gulu, wogula, vuto ndi chimene mukufuna. Likadutsa, pulojekiti imakupatsani akatswiri okuthandizani kulemba pulani yonse ya bizinesi, imene komiti yowunika yoima payokha imaiona, ndipo pamakhalanso kuyendera gulu pamalo. Palibe amene muyenera kumulipira kuti pempho lanu "lidutse msanga". Wofuna kangachepe mukamunene ku ofesi ya pulojekiti kapena ku ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu.

Chimene chimagwetsa mapulani ambiri ndi kukula mtima pa manambala. Tengani gulu la anthu 60, aliyense amakolola matumba 15 a soya a makilogalamu 50. Pamapepala ndi matumba 900, matani 45. Koma wina agulitsako kwa mavenda kuti alipire fizi, wina asunga mbewu, wina ali ndi ngongole. Amene angafike ku gulu mwina ndi matumba 10 pa munthu: matumba 600, matani 30, thiraki imodzi yaikulu. Gulu lotere likapempha nyumba yosungiramo matani 500, wowunika amangogawa n'kuona kuti nyumbayo izikhala yopanda kanthu. Pemphani zolingana ndi msinkhu wanu, kapena onetsani bwinobwino kumene matani enawo achokere: mahekitala angati owonjezera, alimi angati oyandikana nanu amene mudzawagule.

Makina alionse muwawerengere kudya kwake. Thirakitala imafuna dizilo, dalaivala wolipidwa, oyilo, matayala ndi makaniko, pomwe minda ya ekala imodzi imodzi yomwazikana ndi yodzaza zitsa imaitha mphamvu. Makina a K40 miliyoni amene akhale zaka 8 akufuna kuti muzisunga K5 miliyoni chaka chilichonse kuti mudzathe kugula ena. Ndalama imeneyo ilowe mu mtengo umene membala azilipira akamagwiritsa ntchito makinawo. Membala azilipira ndithu. Maganizo akuti "ndi zathu, n'zaulere" ndi amene amasandutsa makina kukhala chisa cha nkhuku.

Malo, magetsi ndi madzi

Musamange pa malo a wapampando kapena a mfumu pongodalira mawu apakamwa. Malo akhale m'dzina la gulu, ndi kalata yosainidwa ndi eni banja, nyakwawa, gulupu ndi T/A, kenako muwalembetse motsatira lamulo la malo a makolo la 2016. Eni malo akamwalira, ana ndi adzukulu amabwera, ndipo nyumba yomangidwa ndi mamiliyoni imasanduka mlandu.

Makina ambiri ogaya ndi oyenga amafuna magetsi amphamvu otchedwa three-phase. Pitani ku ESCOM musanalembe pulani, mudziwe kutalika kwa thiransifoma ndi mtengo wokokera waya. AGCOM ili ndi gawo lothandiza misewu, magetsi ndi madzi ofika pamalo a bizinesi, choncho vutolo litchuleni m'pempho, osalibisa. Otunga madzi ambiri mumtsinje kapena pansi amafunika chilolezo cha National Water Resources Authority. Opanga chakudya chopakira, monga mafuta ophikira, chiponde ndi uchi, amafunika chidindo cha Malawi Bureau of Standards, ndipo ndi bwino kuwafunsa za kamangidwe ka nyumba musanathire simenti, chifukwa kugumula khoma kuti muikepo sinki ndi zenera la sefa kumadula kuposa kumanga bwino poyamba.

Ndalama zikalowa

Sizibwera zonse pakamodzi. Zimabwera m'zigawo, ndipo chigawo chachiwiri chimadikira malisiti ndi lipoti la choyamba. Lisiti limodzi losowa likhoza kuimitsa ntchito nyumba ili pa lintala, mvula n'kuipeza yosafolera. Gulani failo, msungichuma aziika lisiti lililonse tsiku lomwelo ndi kulijambula pa foni. Osainira ku banki akhale atatu, osakhala apachibale. Ndalama yogulira simenti isabwerekedwe pamaliro ngakhale pa chifukwa china chomveka chotani, pakuti yogwiritsidwa ntchito pa zimene sizili m'pulani amakuuzani kuti mubweze.

Pogula, tengani makoteshoni atatu kwa ogulitsa osiyana enieni, osati munthu mmodzi wa mapepala atatu. Funsani za waranti, amene adzamange makinawo, amene adzaphunzitse woyendetsa, ndi kumene masipeyala amapezeka. Onaninso tsiku limene koteshoni ithere mphamvu. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya katundu wochokera kunja inasintha nthawi yomweyo. Choncho ndalama ikalowa, yambani ndi zoitanitsa kunja. Mchenga ndi miyala sizithawa. Bajeti ikaperewera, lembani kalata yopempha kusintha musanagule china chosiyana ndi chimene munagwirizana.

Mpamba wogulira mbewu

Pano ndi pamene timadandaula kwambiri, chifukwa magulu amene achita bwino zonse zapamwambazi amagwera pomwepa. Ndalama za AGCOM n'zogulira katundu wokhalitsa. Si mpamba wogulira mbewu kwa mamembala. Nyumba yatha, sikelo yatsopano ili pakhomo, koma venda waima pamphambano ndi ndalama m'manja, pomwe kopaletivi ikuti, "Siyani matumba, tidzakulipirani wogula akatilipira." Mayi amene mwana wake wabwezedwa kusukulu sangadikire masiku 30, ndipo palibe chomudzudzulira.

Tingoyerekeza kuti soya ali pa K1,000 pa kilogalamu: matani 30 aja akufuna K30 miliyoni. Simukuyenera kukhala nayo yonse. Mukatha kulipira theka pa sikelo pomwepo, lotsala podikira wogula, mamembala ambiri amapirira. Theka limenelo lingachokere ku masheya, ku banki mkhonde za mamembala, ku ndalama yoyambira imene wogula angavomere kupereka ngati munaikambirana m'kalata ija, kapena ku ngongole ya banki ya miyezi yochepa yogwirizana ndi nyengo yogula. Kambiranani zimenezi mu Janyuwale, mbewu ili m'munda, ndipo gwirizanani pamsonkhano kuchuluka kwa matumba amene membala aliyense ayenera kubweretsa. Musadikire kudzaza nyumba yonse: mukakwanitsa matani 10 oyamba atumizeni, ndalama yake ibwere igulire 10 otsatira.