Konzani denga la malata mvula isanakupezeni

Nyumba zambiri zimene zimadontha kuno ku Mangochi sizifuna malata atsopano ayi. Zimangofuna misomali, waya, phula pang'ono, ndi munthu woti akwere pamwamba mwezi wa Okutobala usanathe. Chaka ndi chaka ndimaona anthu akudikira mpaka chizimalupsa chiwanyowetsere ufa ndi mphasa, kenako n'kumathamangira kwa kalipentala amene pa nthawiyo aliyense akumulimbirana. Ena amangotchera mabeseni m'chipinda dzinja lonse poganiza kuti kukonza denga n'kwa anthu a ndalama. Zimandipweteka mtima, chifukwa mbali yaikulu ya ntchitoyi mungathe kuigwira nokha. Ine ndinaiphunzira kwa amalume anga amene ankakhoma madenga cha ku Mpondasi mpaka ku Malindi, ndipo ndikulemba momwe ndimachitira pa nyumba yanga ndi ya mayi anga.

Musayambe ndi kukwera. Yambirani m'nyumba, masana dzuwa lili paliwombo. Tsekani zitseko ndi mawindo, dikirani maso azolowere mdima, kenako yang'anani kumwamba. Kabowo kalikonse kamawala ngati nyenyezi. Itanani ana akuthandizeni, maso awo amaona timabowo timene ife akuluakulu timatiphonya. Pamene mwapeza bowo, lowetsanipo kachidutswa ka waya kapena kaphesi ka udzu kuti katulukire kunja, chifukwa mukakwera pamwamba malata onse amaoneka ofanana ndipo simungakumbukire pamene panali. Ngati nyumba ili ndi siling'i, fufuzani pamene pali mabanga a madzi, koma dziwani kuti bowo silikhala pamwamba penipeni pa bangalo. Madzi amayenda ndi thabwa kutsetsereka asanagwe, choncho bowo limakhala cha kumtunda kwake.

Mukadali m'katimo, onaninso mitengo imene yanyamula malata. Apa ndi pamene anthu ambiri amadumpha, koma ndi pamene pagona nkhani. Gogodani mtengo uliwonse ndi hamala. Wabwino umalira molimba, wodyedwa ndi chiswe umalira ngati mulibe kanthu m'kati, ndipo mukaubaya ndi msomali umangolowa osavuta, n'kumathothoka dothi ndi utuchi. Tsatirani tinjira ta dothi timene chiswe chimamanga pakhoma, mutigumule mpaka pansi pamene tachokera. Msomali wokhomedwa pa mtengo wowola sugwira kalikonse, ngakhale mutaukhoma bwanji. Ngati wadyeka pang'ono chabe, uphatikizeni ndi thabwa lina labwino m'mbali mwake, lotalika kupitirira podyekapo mbali zonse ziwiri, mukhome zolimba. Ngati wadyeka wonse, sinthani basi. Mtengo watsopano, kaya ndi bulugama kaya ndi thabwa locheka, ukhale wouma, ndipo muupake oilo wakuda wotsala ku galaja kapena ku chigayo musanaukweze. Amanunkha kwa masiku angapo koma chiswe sichimukonda. Ku khitchini kokha, kumene kumayaka moto tsiku lililonse, ine sindipaka oilo.

Za kukwera ndinene mosapita m'mbali, chifukwa anthu amavulala. Kuno kutentha kwa Okutobala ndi Novembala mukukudziwa, masiku ena kumapitirira madigiri 35, ndipo ikamakwana 10 koloko lata silikhudzika ndi dzanja. Kwerani m'mamawa kukangocha, ikamati 9 koloko mukhale mutatsika. Valani nsapato za mphira pansi, osati mapatapata. Makwerero akhale ndi munthu wamkulu wowagwira, osati mwana. Pamwambapo pondani pamene pali mzere wa misomali, chifukwa pansi pake ndi pamene pali mtengo. Mukaponda pakatikati, lata limapindika ndipo mwapanga chithaphwi chatsopano. Ine ndimakwera ndi thabwa lalifupi loti ndizigwadapo. Kukakhala mphepo, ntchito ya tsikulo ilekeni. Ndipo ngati nyumba ili ndi magetsi, talikiranani ndi mawaya ochokera ku polo. Kuzimitsa magetsi m'nyumba sikuchotsa moto m'mawaya amenewo, ndipo lata lonyamulidwa m'mwamba likangowakhudza, nkhani yake ndi ya maliro.

Choyamba padengapo n'kusesa. Masamba a mango amaunjikana m'ngalande za malata, amasunga chinyezi, ndipo dzimbiri limayambira pansi pake. Nthambi imene ikukhula denga iduleni. Amene mumayanika nsomba zothira mchere pamalata, chonde mangani thandala pabwalo, mchere umadya lata msanga kwambiri.

Tsopano misomali. Kuthetheka kumene mumamva padenga masana ndi madzulo ndi malata akufutukuka ndi kutentha n'kubwereranso kukazizira. Kuyenda kumeneko, tsiku ndi tsiku, kumazula misomali pang'onopang'ono ndi kukulitsa mabowo ake. Yendani mzere uliwonse mukugwedeza mitu ya misomali ndi chala. Umene ukugwedera musangoumenyanso ndi hamala, ubwereranso mwezi usanathe. Uzuleni, mutaika kathabwa pansi pa hamala kuti musaphwanye lata, ndipo mulowetse wina wautaliko, wa misomali ya malata ija ya chipewa, makamaka yopotoka thupi chifukwa imaluma mtengo. Mupendeketse pang'ono kuti ukalowe pa mtengo pamene sipanabowoledwe. Pansi pa chipewa chake ikanipo kampira. Ine ndimadula timabwalo pa chubu chakale cha njinga. Anyamata omata matayala pa siteji ya kabaza amakhala nazo zotaya, mukapempha bwino amakupatsani. Kampirako ndi kamene kamatseka madzi.

Msomali umakhomedwa pamsana pa lata, pamene patukuka, osati m'ngalande momwe mumayenda madzi. Amalume akaona mnyamata akukhoma m'ngalande ankamuimitsa pomwepo: "Iwe mphwanga, tsika kaye. Mvula ikabwera iyenda pati?" Mnyamatayo akaloza m'ngalandemo, iwo ankangomupatsa hamala n'kumuuza kuti azule. Komanso musamenye mpaka msana wa lata kulowa m'kati. Chipewa chikangopsinja kampira, siyani. Msana wophwanyika umasunga madzi mozungulira msomali, ndipo pamenepo padzadontha ndithu.

Timabowo tating'ono ndi mabowo a misomali yakale timamata ndi phula. Palani kaye dzimbiri ndi sandipepa kapena bulashi ya waya mpaka chitsulo chioneke, mupukute fumbi, pakhale pouma. Phula sungunulirani panja m'chitini, kutali ndi ana ndi nyumba ya udzu, ndipo musalole dontho la madzi kugweramo chifukwa limathovoka n'kukuwotchani. Musakwere nalo lambiri, kachitini kakang'ono kokhala ndi chogwirira cha waya n'kokwanira. Pakani phula pabowo, ikanipo kansalu kolimba, monga ka jinzi yakutha, kokulirapo kuposa bowolo, mupakenso phula pamwamba mpaka m'mphepete monse mwa kansaluko mutabisika. Nsaluyo ndi imene imagwira phula kuti lisang'ambike dzuwa likawomba. M'masitolo a hadiweya pa boma mumapezekanso mankhwala omatira denga a m'chitini ndi tepi yake yomata, zosafuna moto. Ngati thumba likulola, gulani zimenezo, koma kupala dzimbiri n'chimodzimodzi. Chimene sindivomereza ndi simenti. Lata limayenda, simenti siyenda, choncho imang'aluka n'kusiya madzi akulowa pansi pake. Sopo ndi mapepala a pulasitiki opanikiza ndi mwala ndi zongopulumukira usiku umodzi.

Bowo likakula kufika pa chikhatho, dulani chigamba pa lata lakale la mizere yofanana. Mbali yake ya kumtunda ilowe pansi pa lata limene lili pamwamba pake, kuti madzi otsetsereka adutse pamwamba pa chigambacho, ndipo chifike pa mtengo kuti mupeze pokhoma. Onaninso riji, lata lopinda lija la pamsonga pa denga. Ndi limene limayamba kutukuka, ndipo mvula ya mphepo imalowera pamenepo.

Koma kudontha n'kochepa poyerekeza ndi kusasuka. Tonse tikukumbukira namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 momwe anasautsira chigawo chakummwera, komabe denga sililira namondwe wa dzina kuti lichoke. Mphepo ija imatsogola mvula zoyamba, yobwera ndi fumbi madzulo kutatentha tsiku lonse, imasasula nyumba, masukulu, matchalitchi ndi mizikiti ndithu. Kuno kumtunda kwa nyanja kulibe zambiri zoitchinga. Mphepo imalowa pansi pa khonde ndi m'mipata ya pakati pa khoma ndi malata, n'kukankha denga kuchokera pansi. Nthawi zambiri malata sachoka okha, amanyamuka pamodzi ndi mitengo yake, chifukwa mitengoyo inangogonekedwa pakhoma osamangidwa. Njerwa ndi miyala zimene anthu amasanjika padenga sizithetsa vutoli. Zimapinda malata, zimasunga chinyezi, ndipo tsiku la mphepo yeniyeni zimagwera anthu pabwalo.

Mankhwala ake ndi waya. Gulani waya wokhuthala wosachita dzimbiri. Boolani khoma mizere inayi kapena isanu ya njerwa kuchokera pamwamba, pa mphako ya pakati pa njerwa, mulowetse waya wopinda pawiri, mumukweze mbali zonse ziwiri za khomalo, azungulire mtengo wa denga, kenako mumupote ndi kachitsulo kapena msomali waukulu mpaka atakungika. Mukamanga pa mzere umodzi wokha wa pamwamba, mphepo inyamula denga ndi njerwa zomwe. Yambani ndi ngodya zinayi za nyumba ndi mitengo ya khonde, kenako mtengo uliwonse umene wagona pakhoma. Ngati khoma ndi la zidina kapena lomangira dothi, tsikani pansi kuposa pamenepo, ndipo pansi pa waya muikepo kathabwa kuti asadule khoma. Mitengo yopingasa imene mumakhomapo malata nayonso imangidwe ndi waya ku mitengo ikuluikulu, msomali wokha umazuka. M'mphepete monse mwa denga, kumunsi, m'mbali ndi pa riji, khomani msomali pa msana uliwonse; pakatikati mungathe kumadumpha umodzi kapena iwiri. Pomaliza tsekani ndi njerwa ndi dothi mipata ya pakati pa khoma ndi malata. Mukatero mwatsekeranso makoswe ndi mileme njira.

Zikafika poti lata lina lathaitha, loti mukaliponda likunyenyeka, gulani limodzi kapena awiri, osadikira ndalama za denga lonse. Pitani ndi muyeso wa kutalika kwake, ndiponso kachidutswa ka lakalelo kuti mizere ifanane. Funsani geji, nambala yosonyeza kukhuthala kwa lata. Nambala ikachepa lata limakhala lokhuthala: geji 28 ndi yolimba kuposa 30, ndipo 32 ndi yopyapyala kwambiri. Ine pa nyumba yogona ndimalolera kugula ochepa a 28 kusiyana ndi ambiri a 32. Poika, lata ligone pa linzake ndi mzere umodzi ndi theka m'mbali, ndipo polumikiza m'litali lakumtunda likwere pa lakumunsi ndi masentimita osachepera 15. Pakamwa pa polumikizirapo pafulatire kumene kumachokera mvula ya mphepo. Kuti mudziwe mbali imeneyo pakhomo panu, onani khoma limene lakokoloka kwambiri. Wa kabaza akamakunyamulirani, muuzeni akulunge makatoni m'mphepete, lata latsopano limacheka.

Ngati ntchito ya mitengo yakukulirani, itanani kalipentala, koma gwirizanani mtengo wa ntchito yonse asanakwere, ndipo misomali ndi waya mugule nokha muwerenge. Amisiri ambiri kuno ndi Asilamu, choncho musayambitse kusasula Lachisanu m'mawa, masana adzapita ku mzikiti nyumba ili yosafolera. Ndipo musalole kuti asasule mbali yaikulu kuposa imene angabwezeretse tsiku lomwelo.

Khitchini ndi bafa za udzu zisaiwalike. Udzu wabwino ndi womweta mu Juni ndi Julayi moto usanalowe m'tchire, pofika Okutobala umakhala wokwera mtengo, komabe gulani mitolo ingapo. Chotsani wowola, yalani pepala lakuda la pulasitiki, mufolere kuyambira kumunsi kupita kumtunda, mzere uliwonse ukuphimba unzake, mukumanga ndi mlaza kapena luzi lonyika m'madzi kuti lisaduke. Pepala lisaonekere pena paliponse, dzuwa la kuno limaliwotcha msanga.

Mukamaliza, yesani ntchito yanu. Kwerani ndi ndowa ya madzi yosadzaza, muthire pang'onopang'ono kumtunda kwa pamene munamata, wina ali m'nyumba akuyang'ana ndi tochi. Pamene padontha, dikirani paume, mumatenso. Mutatsika, onani pamene madziwo agwera pansi. Ngati akugwera m'tsinde mwa khoma, kwezani khonde ndi dothi, mulitsendere bwino, ndipo mukumbe kangalande kozungulira nyumba kotaya madzi kumunsi kwa bwalo, kutali ndi chimbudzi. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire, kumene dothi ndi lamchenga, yalani zidutswa za njerwa kapena miyala m'kangalandemo kuti kasagumuke. Misomali yotsala, waya ndi kachitini ka phula sungani pamodzi pamalo odziwika, chifukwa mvula yoyamba ikagwa mudzafunika kukweranso m'mawa mwake, denga litauma, kukamata pamodzi kapena pawiri pamene ndowa sinaonetse.