Kuzindikira manambala achinyengo pa Camaro, Chevelle ndi 'Cuda zakale

Pa galimoto zamphamvu za ku America za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa ma 1970, chilembo chimodzi chimasintha mtengo. Pa Plymouth 'Cuda ya 1970, chilembo chachisanu cha VIN (nambala yodziwira galimoto iliyonse payokha) chikakhala R ndiye kuti inatuluka m'fakitale ndi injini ya 426 Hemi. Akathyali amadziwa zimenezi, ndipo kachitsulo ka manambala sikavuta kusula.

Yambani ndi VIN. Kuyambira 1968 imakhala pa dashibodi, poonekera pagalasi. Mariveti ogwira kachitsulo ka VIN pa galimoto za GM (kampani yopanga Camaro ndi Chevelle) mutu wake umaoneka ngati duwa. Koma otero amagulitsidwanso masiku ano, choncho unikani m'mbali mwake ngati muli mikwingwirima kapena penti yatsopano. Dziwaninso pamene VIN imalekezera: Chevelle SS396 ya 1966 mpaka 1968 imayamba ndi 138, koma kuyambira 1969 VIN siinenanso kuti galimotoyo ndi SS, mtundu wamphamvu wa Chevelle. Pa Camaro ya 1969, X33 kapena X77 pa kachitsulo ka bodi (kosiyana ndi ka VIN) amatanthauza Z/28, mtundu wamphamvu wa Camaro, koma zilembozi zinkadindidwa kufakitale ya ku Norwood kokha. Mukaziona pa yopangidwa kufakitale ya ku Van Nuys, bwererani.

Pofunika kudekha ndi pa injini. Pa V8 ya Chevrolet manambala ali pamalo osalala kutsogolo kwa buloko, kumanja kwa munthu wokhala m'galimoto. Pukutani ndi nsanza yonyowetsa m'thina. Sandipepa ayi, imafufuta umboni. Walitsani tochi chammbali. Makina a fakitale ankasiya timizere towongoka tochokera kutsogolo kupita kumbuyo. Timizere tozungulira tikusonyeza kuti buloko inapalidwa. Izi zokha si mlandu, amakaniko amapala pokonza injini, koma kupala kumadya manambala. Ngati pamalo opalidwa manambala ali akuya bwinobwino, wina anadindanso.

Kenaka yalani madeti. Buloko imaumbidwa kaye, injini n'kumangidwa, galimoto pomaliza. Pa kachitsulo ka bodi, 02B ndi sabata yachiwiri ya February. Buloko youmbidwa mu April chaka chomwecho singakhale yobadwa nayo galimoto yotere.

Palinso manambala obisika, odindidwa pa bodi penipeni. Pa Camaro ali pansi pa chitsulo cha mawaipa ndi kuseri kwa bokosi la hita. Pa 'Cuda onani pa chitsulo chogwira rediyeta. Yang'anani kunsi kwake ngati pali zowotcherera, chifukwa ena amadula chidutswa chonse pa galimoto yowola n'kuchilumikiza pa ina.

Mapepala ochokera m'kaundula wa fakitale amathandiza: Marti Report pa Ford za 1967 kupita m'tsogolo, Pontiac Historic Services pa GTO. Pepala la fakitale limapezekanso m'masipuling'i a mpando wakumbuyo, ngakhale nalonso amalipeka.

Pokonza yanu, jambulani tizitsulo tonse musanamasule kalikonse, ndipo VIN muimate tepi popenta, musaichotse. Ku America kusintha VIN mwachinyengo ndi mlandu wa zaka mpaka 5 kundende.