Kuphunzitsa antchito osamalira nyumba za penti wa mtovu

Funso ndi lakuti antchito osamalira nyumba aphunzitsidwe bwanji za penti wokhala ndi mtovu (chitsulo chapoizoni chimene pa Chingerezi amati lead). Musanayambe, pentiyo ayezedwe kaye, poti mtovu suoneka ndi maso. Mukhalenso ndi mapepala apulasitiki, magolovesi, masiki osefa fumbi, botolo lopoperera madzi ndi makina okoka fumbi a HEPA (okhala ndi sefa yogwira ngakhale kafumbi kakang'ono kwambiri).

1. Afotokozereni kuopsa kwake. Fumbi la mtovu limawononga ubongo wa mwana, makamaka wosakwana zaka 6, ngakhalenso amene ali m'mimba.
2. Yendani nawo m'nyumbamo, adzionere okha penti wosupuka ndi kafumbi kamene kamagwa pawindo likamatsegulidwa.
3. Atulutse katundu, ayale pulasitiki pansi, ana atalikire.
4. Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Amapala penti ali wouma ndi sandipepa, ena kumuwotcha kumene, fumbi ndi utsi n'kudzaza nyumba yonse. Chonde, anyowetse kaye, apale pang'onopang'ono. Aliyense ayeserere inu mukuona, kumva kokha sikukwanira.
5. Akolope ndi nsalu yonyowa, tsache ayi.
6. Asambe m'manja asanadye, ndipo zovala za ntchito asapite nazo kwawo.
7. Penti akawonongeka malo aakulu, asiye, aitane katswiri wovomerezeka.